Pempho Langa la Mumtima

Ine zinthu zanga sindilengeza zisanapse. Ndinakulira ku Dedza, m'nyumba imene ulendo unkanenedwa munthu atafika kale, ndipo mimba inkadziwika ikayamba kukankha chitenje. Khalidweli ndinabwera nalo mpaka kuno ku Bilston, kudziko la azungu. Munthu akandifunsa kuti, "Mukupita kuti, agogo?" ndimati, "Pomwepa," ngakhale nditanyamula sutikesi.

Ndiye abwana a kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito atandiuza kuti ndikapange dipuloma ya chisamaliro ku koleji ya ku Wolverhampton, choyamba ndinaganiza kuti akufuna kundichotsa mwaulemu. Chachiwiri ndinaganiza za amayi a kutchalitchi kwathu. Ndikakalephera, nkhani ikafika ku Dedza ine ndisanatsike thiramu, kasitima koyenda mumsewu kamene timakwera kuno. Ndikakakhoza, alipo maso ena amene sakondwa mnzawo akamakwera. Ndinauza mwana wanga wamkazi yekha, amene ndimakhala naye, chifukwa laputopu inali yake, ndipo ndinamulumbiritsa. Zidzukulu sindinaziuze. Ana obadwira kuno amanena chilichonse, mokweza, m'Chingerezi, pa basi.

Makalasi anali Lachiwiri. Ndinkatuluka m'nyumba nditavala yunifolomu ngati ndikupita ku shifiti, mabuku ali m'jumbo pansi pa masamba ogula kumsika. Chingwe cha m'khosi chokhala ndi chithunzi changa ndinkachivala ndikafika pakhomo penipeni pa koleji.

Mphunzitsi wathu anali wa msinkhu wa mwana wanga. Ankafuna tizimutchula dzina lake lenileni, ndipo ankamwetulira ngakhale mvula ikugwa, zimene ine ndinaziona kuti n'zofunika kuzilondola. Tsiku loyamba anati aliyense atembenukire kwa mnzake amuuze za moyo wake. Ndinatembenuka. Mwa anthu onse a m'chigawo chino cha West Midlands, pambali panga panali mayi wina wa ku Chipata, wobwera kumene pa viza ya ntchito yosamalira anthu, yemwe Lamulungu lililonse amakhala pa benchi ya patsogolo panga kutchalitchi.

"Ambuya, ndimwe? Muchita chani kuno?"

"Ndaperekeza munthu."

"Munthu wake ali kuti?"

"Akubwera."

Pa nthawi yopuma ndinamukokera pakona. "Tamverani, amayi, zimene mwaona muno simunazione."

"Ine sinikambakamba, ambuya," anatero munthu amene ankatha kulankhula tiyi ali m'kamwa.

Zaka ziwiri zimene zija ndinagwira ntchito ziwiri: kuphunzira ndi kulondera mayiyu. Kuphunzirako kunali ndi zake. Kamera ya laputopu ndinaimata pulasitala, mphunzitsi n'kumati pa makalasi a pa intaneti akungoona mdima. Ndinati ndi netiweki ya ku Bilston. Tsiku lophunzira chithandizo choyamba cha pangozi anatibweretsera chidole chachikulu choti aliyense achipumire m'kamwa. Ndinafunsa kuti chaka chatha anachipumira ndani. Anati amachipukuta. Ndinati chabwino, ine ndichipukutanso, ndipo kalasi inadikira. Mabisiketi amene anzathu ankabweretsa ndinkalandira ndi manja awiri n'kuika m'chikwama, ndikafika pa siteshoni ndinkapatsa nkhunda. Phunziro lokhalo limene ndinapambana kalasi yonse linali la kusunga chinsinsi cha odwala. Mphunzitsi anati sanaonepo wophunzira womvetsa msanga chotero.

Mayi wa ku Chipata uja, kunena zoona, anandithandiza. Ndi amene anandionetsa kuti asainimenti ikasowa pa laputopu sikuti wina waiba, imakhala yabisala pansi pa zenera lina. Ine ndinkamuthandiza mayina a mankhwala, poti ndawagawa kwa okalamba zaka zambiri. Koma ndikamuona akuseka ndi amayi anzake kutchalitchi, ndinkayandikira ngati ndikufuna kapu.

Kutchalitchi kwathu kuli nthawi ya mapempho. Munthu amaimirira n'kunena chimene akufuna kuti mpingo umupempherere. Amene sakufuna kutchula amangoti ali ndi pempho la mumtima, abusa n'kuti Ambuye akulidziwa. Mayi uja ankaimirira popanda manyazi: "Munipempherereko, pa Chiwili nili na mayeso." Tsono mapemphero nanenso ndinkawafuna. Mulungu ndimamukhulupirira, vuto langa ndi anthu amene amamvera nawo. Ndiye iye akangokhala pansi ine ndinkaimirira: "Ndili ndi pempho la mumtima." Ndinkabwerera kunyumba ndikudziyamikira kuti ndadya mapemphero popanda kuulula kanthu.

Tinakhoza tonse awiri. Koleji inati kudzakhala mwambo wovala magauni m'holo ya m'tauni, ndipo aliyense anapatsidwa matikiti awiri a alendo. Apa m'pamene mwana wanga anandifunsa, tikusenda mbatata:

"Ndiye amayi, akakululutirani ndani?"

Mpeni unaima. Kwathu mkazi sachita chinthu chachikulu popanda nthungululu. Wobereka amamuimbira, wokwatiwa amamuimbira, ngakhale wofolera nyumba ndi malata amamuimbira. Amene wayenda pagulu kuli zii ndiye kuti alibe anthu.

"Undiimbira iwe," ndinatero.

Anayesera pomwepo kukhitchini. Mwanayu anabwera kuno ali wamng'ono, lilime lake linauma. Zinamveka ngati alamu ya utsi ikamatha batire, mpaka zidzukulu zinatsika kudzaona ngati kwapsa.

Lamulungu lotsatira ndinapita nditatsimikiza kuti ndinena. Ndinaimirira, ndinayang'ana amayi a mpando a gulu lathu la amayi, amene ndi mayi wa ku Mulanje wa maso osaphonya kanthu, ndinatsegula pakamwa, ndipo panatuluka "pempho la mumtima." Tikutuluka, mayi wa ku Chipata anapempha tikiti yanga yotsala, akuti ya msuweni wake. Ndinamufunsa za msuweniyo mpaka mudzi wa amake, kenako ndinapereka.

Gauni inali yobwereka, ndipo palibe anatha kundiuza amene anaivala ine ndisanaivale. Chipewa cha makona anayi chija ndiye chinandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa tsitsi langa sindilisiya paliponse, ndipo chipewacho chinali choti tibweze. Ndinamanga duku mothina, chipewa n'kukhala pamwamba pake ngati mbale yovundikira. Mwana wanga anati ndikuoneka bwino, koma anayang'ana kumbali ponena.

M'holo muja anthu a kuno ankaomba m'manja mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati akuopa kudzutsa mwana. Dzina likaitanidwa, phwa phwa phwa, basi, wina. Ndinakhala pamzere wathu ndikuwerengera kuti zaka ziwiri za thiramu ndi pulasitala zithera pa phwa phwa phwa ameneyu, ndipo wolakwa palibe koma amene wavala duku pansi pa chipewa.

Dzina la mayi wa ku Chipata linabwera langa lisanafike. Anakwera masitepe atagwira gauni, akumwetulira yekhayekha. Mwamuna wake ndi ana ake onse ali ku Chipata. Ndinamuona akuponya maso kwa anthu, ndipo lilime langa silinandifunse. Ndinaimba nthungululu ya ku Dedza, yaitali, mpaka mnyamata wa patsogolo panga anagwira chipewa chake.

Kenako kumwamba, kumipando ya alendo, kunayankha. Osati pakamwa pamodzi. Ndinatembenuka, ndipo mzere wathunthu unali wa amayi a kutchalitchi kwathu, atavala zitenje zofanana pamwamba pa majuzi, amayi a mpando ali pakati. Ndinadziuza kuti abwerera mnzawoyu, ine sanandione, ndipo ndinatsitsa chipewa kumaso.

Dzina langa litaitanidwa, woitanayo sanathe kupitiriza. Anayenera kudikira. Amayi aja anaimirira, nthungululu ya ku Mulanje, ya ku Kasungu, ya ku Chipata, zonse pamodzi, ndipo pansi pake ndinamvanso ka alamu ka mwana wanga. Ndinayenda pang'onopang'ono, dzanja lina pachipewa. Sindinathamange. Ndinkafuna ndimve yonse.

Panja ndinamupeza mayi wa ku Chipata. "Munaulula."

"Ine? Sininakambe olo kamodzi, ambuya. Matikiti chabe ndiye ninapemphapempha m'kalasi."

"Musawanamizire awa," anatero amayi a mpando, akundikonza gauni paphewa. "Munadziulula nokha, agogo. Awa akati mayeso, inu pempho la mumtima. Awa akati ndakhoza, inu mukuthokoza chifukwa cha chinthu china chake. Koleji ikatsekera, mtima wanu unkakhalanso pa holide."

"Munadziwa liti?"

"Chaka choyamba, Khirisimasi isanafike."

"Nanga osanena bwanji?"

"Kuti musiye sukulu? Timakudziwanitu. Tinkangopempherera mayeso a anthu awiri."

Sindinatsutse, chifukwa ndikanasiyadi. Anatsegula kontena ya mandasi pomwepo pamsewu. Ndinadikira kuti iwo alume kaye, kenako ndinadya awiri, osasungira nkhunda. Pobweza chipewa ndinachitembenuza n'kupezamo katsitsi kamodzi koyera. Kaya kanali kanga kaya ka wina, ndinakaika m'chikwama.

Chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero n'chakuti amayi amene ndinkati sangasunge nkhani kuchokera pakhomo la tchalitchi kufika pokwerera basi anandisungira chinsinsi changa chomwe kwa chaka ndi theka, akundipatsa moni nkhope zili gwa. Anthu otha kubisa chotero ndi ofunika kuwayang'anitsitsa.

Lamulungu lotsatira ndinaimirira n'kuthokoza mpingo poyera, koleji ndinaitchula, dipuloma ndinaitchula. Ndisanakhale pansi ndinawonjezera kuti ndili ndi pempho la mumtima. Kumbuyo kwanga wina ananong'oneza mnzake kuti, "Yunivesite imeneyo." Linali la bondo langa lakumanzere, koma ndinawasiya choncho.