Nyimbo ya amayi sinathe

Achimwene anga amapeka nyimbo za gitala, zija zopanda mawu, zolembedwa pamizere. Anayambira kukwaya ya kumishoni kwathu kuno kumapiri a Dowa, kenako sukulu inawatengera kunja. Lero amaimba m'maholo momwe munthu sakhosomola nyimbo isanathe. Koma kwathu palibe amene anawamverapo mpaka kumapeto. Akabwera, anthu amangoona zikhadabo zazitali za dzanja lawo lamanja n'kumati ndi ulesi. Wina ku Mponela anawafunsa kuti ngati ndi oimbadi, bwanji samveka m'minibasi. Zimenezi zimandiwawa ine mlongo wawo kuposa eni ake.

Amayi akudwala, achimwene anawapekera nyimbo kuti adzawaimbire akabwera. Ndege inachedwa, anapeza maliro. Pakati pa nyimboyo anaikapo malo a chete, aatali ndithu, chifukwa amayi popemphera ankaima pakati, zii, mpaka ife ana kutsegula diso limodzi kuti tione ngati agona. Achimwene anandifotokozera zimenezi m'mawa wa tsiku loika, akumanga zingwe za gitala kuseri kwa nkhokwe.

Ndinapita ndekha kwa mkulu wa mpingo kukapempha mpata. Anandiyang'ana ngati ndapempha kuvina.

“Gitala pamaliro? Chabwino, koma asatichedwetse, mvula ili pafupi.”

Achimwene anakhala pampando pafupi ndi bokosi, phazi lamanzere panjerwa. Anayamba pang'onopang'ono. Azibambo a pansi pa mtengo wa mango anasiya kunong'ona. Mumtima ndinati lero lokha amva. Kenako anafika pa malo a chete aja, mutu wowerama, dzanja lili m'mwamba pamwamba pa zingwe.

Kwathu munthu akatsamwa ndi misozi akuimba pamaliro, sitimusiya pamanyazi, timamulandira nyimbo. Mtsogoleri wa amayi a mpingo anadzuka ndi duku lake loyera n'kuyambitsa nyimbo ya m'buku. Khamu lonse linavomera. Adzukulu anaona ngati ndi chizindikiro, ananyamula bokosi.

“Dikirani, sinathe!” ndinakuwa.

Azakhali anandikoka chitenje. “Khala pansi iwe, usatichititse manyazi.”

Ndinakhala pansi ndili ndi mkwiyo. Anthu amene amatha kudikira minibasi tsiku lonse osadandaula analephera kudikira kamphindi kamodzi. Theka lachiwiri la nyimboyo, lomwe linali lotsanzika, amayi anapita nalo kumanda osalimva.

Titabwerako, mayi wa duku loyera uja anabwera akumwetulira, nagwira achimwene paphewa.

“Musadandaule, mwana wathu. Tinaona kuti mwasokonezeka pakati paja, ndiye takupulumutsani.”

Achimwene anagwada, nathokoza. Anathokoza! Ine ndinatuluka, chifukwa ndikanayankhula, bwenzi nkhani yake ili kubwalo la mpingo mpaka lero. Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ndilibe womukalipira, popeza onsewo anachita mwachifundo.

Gitala sanabwere nayenso ku Dowa. Akabwera amabwera ndi kachikwama, manja ali m'thumba.

Chaka chatha ananditumizira kanema pafoni, akuimba nyimbo yomweyo kunja. Ndinaionera pakhonde, pomwe amayi ankatongola chimanga. Atafika pa malo aja, holo yonse inati zii. Anthu osadziwa n'komwe dzina la amayi, osalawapo chigumu chawo, anakhala chete mpaka amayi anamaliza kupemphera.