Manda Nambala 214

Inu amene mukuti dziko lakuiwalani, tamvani za a Cleophus Gadsden a ku Alabama, ku America.

Tsiku limene anakaona manda a mnzawo Alonzo Pettway, anangoti kukamwa yasa. Panalibe mwala, panalibe dzina, koma kachitsulo kadzimbiri kolembedwa 214. Alonzo yemwe uja, woponya mpira wa besibolo amene ankadzaza bwalo, iye akuponya a Gadsden akuwakha mpaka zala kupindika, anagona ngati sanabadwepo. Mtima unawapweteka kwambiri.

Pa unyamata wawo anthu akuda sankaloledwa kusewera ndi azungu. Anali ndi ligi yawoyawo. Ankavalira m'basi, n'kumadya nsomba za m'chitini chifukwa malo odyera ankawabweza pakhomo. Ligiyo itatha, kutchuka kunathera pomwepo. Tsopano a Gadsden anali ndi zaka 78, akukhala m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi, alibe kalikonse.

Koma nkhalamba ija inali ndi liuma. Inayamba kuwiritsa mtedza n'kumagulitsa pageti la bwalo kuti Alonzo apeze mwala.

"Agogo, mukuvutikira mwala wa mnzanu, nanga wanu uli kuti?" anyamata ankatero.

"Ine ndikupumabe. Iwe gula mtedza."

Patatha zaka ziwiri anafika kwa Vernice, mayi wosema miyala ya pamanda, ndi kapepala m'manja. Pansi pa dzina la Alonzo analembapo dzina la ligi yawo monga ankaitchulira kalelo, ligi ya Negro, liwu limene azungu ankatchulira anthu akuda. Vernice atawerenga anawabwezera pepalalo.

"Agogo, liwu ili sindisema. Ine ndine wakuda ngati inu. Amayi anga ankaliwerenga pa zikwangwani zothamangitsira anthu akuda kukhomo la kumbuyo."

A Gadsden ankayembekeza kukanidwa ndi mzungu, osati mwana wakwawo. Anabwerera kunyumba, koma m'mawa mwake analinso pakhomo pa Vernice. Tsiku lachitatu anaika manja awo patebulo, zala zili khotikhoti.

"Mwana wanga, sukunama, liwuli limanunkha. Nanenso munthu atanditchula choncho lero, ndingamuponyere mtedza wotentha kumaso. Koma ukalichotsa, wodutsa adzaganiza kuti Alonzo sanasewere m'ligi yaikulu chifukwa sankatha mpira. Ndiye kuti wafafaniza mlandu wa amene anamutsekera kunja."

Vernice anayang'ana zalazo nthawi yaitali, kenako anatenga pepala lija.

Mwalawo anauvundukula Lamlungu, anthu atavala za kutchalitchi monga ankachitira kale popita kukaonera masewero. Mlonda wa pamanda atawerenga dzina la ligi anagwira pakamwa.

"Kodi anali wa ligi imeneyi? Bambo anga ankati zitsulo zinayi zotsatirazi ndi anyamata a mpira omwewo. Palibe anabwerapo kudzafunsa."

A Gadsden anayang'ana zitsulo zija. Zaka zonsezi anzawo anali atandandalikana pomwepo ngati pa benchi, popanda wowadziwa.

"Pezani mayina awo, agogo," anatero Vernice. "Ndisema ndine, ndipo liwu lija ndilemba lonse."

A Gadsden anapeza mayina onse anayi. Sukulu zinayamba kuwaitana kuti akafotokoze mbiriyo, ndipo wogulitsa mtedza uja ankalandiridwa anthu ataimirira.

Mwina nanunso mbiri yanu ili ndi mawu owawa amene mumafuna mutawakwirira. Musaichitire manyazi, ndipo musataye mtima. Manda 214 anapezanso dzina chifukwa cha nkhalamba ya zala zopindika imene inakana kubwerera m'mbuyo.