Mchombo Usanagwe

Linali tsiku langa lachitatu m'chikuta. Mwana anali atagona pamphasa pambali panga. Panja amayi ankasinja makaka a chinangwa, ndipo ndinkamva munsi ukugunda, n'kupuma, n'kuyambanso. Ndinali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi. Mudzi wathu unali tsidya lija, ku Mozambiki, ulendo wa masiku awiri wapansi kukafika pamalire. Mwamuna wanga Antonyo anali atalawirira kutauni kukasaka sopo.

Munsi unasiya kugunda. Chakumtsinje kunamveka ngati nsungwi zikuphulika pamoto. Nkhuku zinathamangira kunsi kwa nkhokwe.

Amayi analowa manja ali mbuu ndi ufa. Sanafuule. Anandidzutsa, n'kundimangirira mwana pachifuwa ndi kapulana, chitenje chakwathu. Ina anandikulunga nayo m'chiuno mothina chifukwa magazi anali asanaleke. Anati ndizingoyang'ana phiri la Mulanje, iwo akatenge mng'ono wanga Rozina kudimba, atipeza panjira. Ali pakhomo anatembenuka.

"Luwiza, mwanayu asamugwire munthu mchombo usanagwe. Wamva?"

Ndinati ndamva. Mawu a amayi omaliza kuwamva ine ndi amenewo.

Inu atsikana a pagulu lathu la amayi achichepere, obadwira kuchipatala inu, mwina museka. Kwathu khanda silinkatuluka m'nyumba mchombo usanagwe, ndipo linkakhala lopanda dzina. Tinkati khanda n'lozizira. Munthu amene akugona ndi mwamuna kapena mkazi tinkati ndi wotentha, ndipo akaligwira amalisempha, limatupa, n'kufota, n'kufa. Ololedwa kuligwira anali mayi wake ndi amayi achikulire amene anasiya za m'nyumba. Ine ndinakula ndikudziwa zimenezi monga ndinkadziwira kuti moto umaotcha.

Panjira tinali ambiri. Bambo wina anasenza makina osokera. Mayi wina ankakoka mbuzi yokana kuyenda, mpaka anaimasula, chingwe chokha n'kusunga. Amene ankaomba mfuti aja sitinawaone, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti anali a mbali iti.

Ine ndinkayenda pandekha m'mphepete mwa njira, kuti pasapezeke wondikhudza. Ndikayenda pang'ono ndinkaima n'kucheuka. Tsiku limenelo amayi anavala duku lobiriwira. Maduku obiriwira ndinaona atatu, onse a eni ake.

Penapake tinamva lole ikubwera. Tonse tinagona m'munda wa nandolo. Mwana anayamba kulira, ndipo bambo wina anandiyang'ana, chala chili pakamwa. Ndinamupanikiza bere kukamwa mpaka loleyo inadutsa. Nditadzuka, nyemba zouma za nandolo zinali zitandimatirira m'tsitsi.

Masana mayi wina wonenepa anaona magazi akutsikira kumwendo kwanga. Anati, "Iwe mwana, bwera naye ndikunyamulireko, ugwa naye." Anatambasula manja. Ndinayang'ana bambo amene ankayenda pambuyo pake atanyamula mphasa yawo, ndipo ndinakana. Mayiyo anandiikira chinangwa chachiwisi patsamba, n'kupitirira. Ndinachitola atapita. Makani ndinabadwa nawo, zimenezo sindikana, koma tsikulo ndinali ndi mantha.

Tsiku lachiwiri phiri linakula, ming'alu ya m'mathanthwe ake n'kuyamba kuoneka. Tinafika pamtsinje wa Muloza dzuwa litapendeka. Ankati pamlatho pali a mfuti, choncho tinalowera kumunsi. Madzi ankalekeza m'chiuno. Amuna anandandalika m'madzimo, n'kumapatsirana ana mpaka tsidya.

Apo m'pamene ndinaona mtsikana wina. Anali wamsinkhu wanga, atavala kapulana yachikasu, nayenso ali ndi kanthu pachifuwa. Anaima patali ndi anthu ngati ine. Tinayang'anana. Palibe anafunsa mnzake. Tinalowa m'madzi chakumtunda kwa mzere wa amuna uja, aliyense atakweza mwana wake kufika kukhosi. Madzi atandifika pabala ndinaluma mlomo. Titaoloka, iye analowera kudzanja lamanja, ine ndinatsata khamu.

Anatisonkhanitsa pabwalo la sukulu ina. Kumapeto kwa bwalolo kunali tenti yaikulu ya amayi oyembekezera ndi a makanda. Ndinamva pambuyo pake kuti ndalama zake zinachokera kwa anthu akufuna kwabwino a kunja, amene ankasonkha m'matchalitchi mwawo. Munali phala, mabulangete, sopo ndi mankhwala. Zonse zinali zaulere. Chofunika chinali kungoima pamzere.

Ndinaima. Nditayandikira ndinaona mmene ankachitira. Sikelo inapachikidwa pamtengo wa mango. Bambo wina wa mphete pachala ankalandira khanda, kulivula, kuliika m'kathumba ka sikelo, n'kulipereka kwa namwino, namwino n'kulipatsira wina wolemba makhadi. Anthu atatu, onse achilendo. Wolembayo ankafunsa dzina la mwana. Wanga analibe. Ndinachoka pamzere ngati ndikupita kukadzithandiza, osabwereranso.

Kuseri kwa sukuluyo kunayambira minda ya tiyi. Ndinapeza kashedi ka malata kamene othyola tiyi ankausamo mvula. Nyengo imeneyo munalibe munthu. Ndinatchinga pakhomo ndi nthambi, n'kunena kuti chikuta changa ndi chino, amayi adzandipeza muno. Pampata wa nthambizo ndinkaona njira yochokera kumtsinje. Madzi ndinkamwa m'ngalande. Chakudya ndinalibe.

Mkaka unayamba kuchepa. Mwana ankakoka bere, n'kulisiya, n'kulira. Tsiku lotsatira anasiya kulira. Ine, kupusa kwa ubwana, ndinayamba ndakondwa kuti wagona. Kenako ndinaona kuti liwombo lalowa, timilomo tauma gwaa. Kapulana inakhala youma tsiku lonse. Mchombo unali utada koma unagwirabe. Ndinkaukhudza ndi chala, kuupempha kuti ugwe.

Namwino wina anandipeza, atauzidwa kuti kushedi kuli munthu. Anali mtsikana wabwinobwino, wa nsapato zoyera. Ataona mwana anati, "Mayo ine!" n'kugwada kuti amutenge. Ndinamuluma padzanja. Inde, ndinaluma namwino, kaya museke. Anapita akulira, akunena kuti nkhondo yandizunguza mutu. Sanandifunse chifukwa, inenso sindinanene. Amati safunsa anadya phula, ndipo phulalo tinadya tonse awiri.

Nkhani ya wamisala woluma anthu inafika kukhitchini ya patenti. Kumeneko kunali mayi Eneresi, ophika phala. Anali achikulire, owonda, a mano awiri okha akutsogolo, obadwira konkuno koma makolo awo anachokera kwathu. Akuti anafunsa funso limodzi lokha, loti mwanayo ndi wamasiku angati. Atamva kuti ndi khanda lofiira, anasiya mthiko mumphika n'kutunga phala m'kapu.

M'shedi sanalowe. Anakhala pansi panja, n'kutambasula miyendo, maso ali kutiyi. Kapu anandikankhira ndi kamtengo. Nditamwa anandilankhula m'Chilomwe chakwathu.

"Mchombo wagwa?"

"Ayi."

"Wachita bwino kumusunga, mwanawe. Amako anakulangiza. Ine amuna anga ndinaika kalekale. Kusamba ndinasiya. Ndine wozizira ngati mtsuko. Tandipatsa ndimuone."

Pamenepo ndinalira, koyamba chichokere kwathu. Ndinamasula kapulana.

Anamulandira, n'kumutsina khungu la pamimba. Khungulo linatsala litaimirira. Nkhope yawo sinasinthe. Anati mwana sanasemphedwe, ndi ludzu ndi njala basi, koma tisachedwe naye. Ndinati kutenti sindipita, kuli manja ambiri. Anandibwezera mwana, n'kuti ndiwadikire.

Anabwerako dzuwa lisanalowe, n'kunditengera kutenti podzera kuseri. Pangodya ina anali atapachika mabulangete awiri. Anati chikuta changa ndi chimenecho, mulowa iwo ndi asisitere basi. Asisiterewo ndiwo anali namwino wamkulu, okalamba, a magalasi omanga ndi ulusi. Ndinawayang'ana mokayika. Mayi Eneresi anaseka, mano awiri aja ali poyera.

"Iwe, awa chibadwire mwamuna samudziwa. Kuzizira kwake kuposa ine."

Asisitere ankamudonthezera mwana mkaka ndi kasupuni, dontho limodzilimodzi. Mayi Eneresi ankandimwetsa phala ndi thobwa, n'kumandithowa mawere ndi kansalu ka madzi ofunda. Sikelo anaibweretsa mkati, n'kumuyeza okha. Pakhadi, pamalo pa dzina, asisitere analemba kuti mwana wa Luwiza.

Tsiku lachiwiri m'mawa mwana anakoka bere, osalisiya. Ndinamva kukokako mpaka kumsana. Masana ananyowetsa bulangete, ndipo mayi Eneresi analulutira ngati pali ukwati. Tsiku lachinayi mchombo unagwa. Tinaukwirira kuseri kwa tenti. Mwanayo ndinamutcha Yohane.

Za mtsikana wa kapulana yachikasu ndinakumbukira mwana atayamba kuyamwa. Nditawauza mayi Eneresi anati, "Aa, bwanji osanena dzana?" Sanakalipe. Anangomangitsa duku n'kutuluka. Koma iwo anali okha. Ntchito imene analembedwa inali yophika, ndipo phala la anthu onse aja linkawadikira m'mawa ndi masana. Ankasaka akaweruka, m'mashedi, m'mabwinja, m'minda ya nthochi. Anamupeza tsiku lachitatu la kusakako, mu uvuni wakale wa njerwa. Dzina lake linali Fatima. Mwana wake anali atatsirizika m'mawa womwewo.

Khanda lotero siliikidwa kumanda a akulu, ndipo salilira. Anapita nalo amayi okhaokha, kudambo, ndi khasu limodzi. Atabwerako, anamugoneka Fatima pangodya yoyandikana ndi yanga. Anamwa phala lomwe lija, ndipo patapita masiku awiri mawere ake anadzaza. Mayi Eneresi anawamanga ndi nsalu. Yohane akamayamwa ndinkatembenukira kukhoma la tenti, chifukwa ndinali ndi manyazi.

Tenti ija sinakhalitse. Ndalama za akufuna kwabwino zitatha anaipinda n'kuikweza palole. Mayi Eneresi anabwerera kumunda kwawo, ndipo ananditenga. Nkhondo itatha anthu ambiri anabwerera kwawo. Ine ndinatsala, ndinathyola tiyi mpaka msana unakana.

Gulu lathuli tinaliyambira pansi pa mtengo. Chaka chatha tinalemba kalata yopempha thandizo kubungwe lina lachifundo. Tinapempha ufa wa phala, makina osokera, fizi ya obwerera kusukulu, ndi malipiro a amayi achikulire oyenda m'makomo. A bungwewo anatuma mayi wina wa kope ndi foni yaikulu. Zonse anavomera, koma atafika pa amayi oyendawo anakweza nsidze. Anafunsa kuti amayi amenewa aphunzitsa chiyani, poti ena n'kulemba komwe sadziwa. Bwanji osaonjezera makina?

Ndinati, "Achemwali, mtsikana amene wabwera kudzakhala pamakina ndiye kuti wadzuka kale. Ife tikufuna uja wadzitsekera." Masiku ano obisala chifukwa cha chikuta ndi ochepa. Wina wathamangitsidwa kwawo chifukwa cha mimba ya kusukulu. Wina akuopa kuti pamzere akamufunsa dzina la bambo wa mwana. Namwino akapita ndi yunifolomu samutsegulira, koma mayi wachikulire akakhala pakhonde n'kupempha madzi akumwa, chitseko chimatseguka. Ndinawafotokozera zimene mwawerengazi, ndipo anatseka kope lija. Thandizo linabwera la zaka ziwiri, oyenda m'makomo ali momwemo. Likatha tidzalembanso kalata ina. Ndiye inu omadandaula kuti makina ndi ochepa, ndalama zikuthera agogo oyendayenda, mwamva tsopano.

Amayi ndi Rozina sanaoloke. Ndinapitako nkhondo itatha, ndinapeza pamudzi pathu pali tchire, ndipo panalibe wodziwa kumene anagwera. Antonyo ndinamva kuti ali moyo, ali ndi banja lina. Sindinamulondole. Mayi Eneresi anamwalira ali m'manja mwanga, ndipo Yohane ananyamula nawo bokosi. Iyeyo lero ndi kalipentala pa Boma, ali ndi ana atatu ndi kamimba kotuluka.

Fatima nayenso anatsala kuno. Sanaberekenso. Ndiwo mayi Fatima amene mukuwadziwa, aja amalawirira ndi ambulera yothyoka, amene anagogoda pazitseko za ambiri a inu. Za kumtsinje kuja sitikambirana. Koma ine mutu wayamba kutaya zinthu, ndipo ndikaiwala zaka za Yohane ndimafunsa iwo. Salakwitsa ngakhale ndi tsiku limodzi.