Kukapereka Matabwa a a Donal ku Hull

Ndinanyamuka ku Bradford Loweruka cha m'ma 8 m'mawa, nditakumbatira bokosi la a Donal. Anali kalipentala wa ku Ireland amene ndinawasamalira zaka ziwiri kunyumba yosungirako okalamba. Atamwalira, abwana anandituma kukapereka katundu wawo kwa mwana wawo ku Hull. Tikiti yopita ndi kubwera inali mapaundi 22.

Ku Leeds ndinasintha sitima. Bambo amene ndinakhala naye mpando umodzi anamva kugobedeka m'bokosimo.

"Muli mphaka?"

"Ayi, matabwa."

"Bola amenewo sakanda," anatero, n'kubwerera ku nyuzi yake.

Munali zidutswa zisanu za matabwa. A Donal ankazisisita tsiku lonse, n'kumandikoka mkono akuti "aimad, aimad." Ine ndinkamva Chingelezi, ngati akuti "I'm mad." Ndinalemba mu lipoti kuti akudzinena kuti apenga, ndipo matabwawo akuwasokoneza mutu. Zidutswazo zinakatsekeredwa mu ofesi. Anamwalira patatha miyezi itatu osazikhudzanso.

Titadutsa Selby dziko linangoti thyathyathya, kenako mtsinje wa Humber, wofiirira ngati madzi otsukira mbatata. Ku Hull ndinafika cha m'ma 11, n'kukwera basi mpaka kwa a Maura, mwana wawoyo, mayi waimvi kale. Anandipatsa tiyi ndi buledi wopaka bata, n'kutsegula bokosi.

"Ichi ndi dair, mtengo wolimba, ankapangira zitseko. Ichi fuinseog, wa mipini. Ichi giúis, paini. Matabwa onse pamodzi m'Chiairishi timati adhmad."

Mawu omalizawo anawatchula kuti "aimad."

"Matenda atawaiwalitsa Chingelezi anangotsala ndi mawu akwawo," anapitiriza a Maura. "Akamukonda munthu ankamuphunzitsa. Inu anakuphunzitsaniko?"

Ndikanatha kungomwetulira. Koma ndinawauza zonse, za lipoti ndi za ku ofesi, maso ali pa kapu. Anatenga chidutswa chija cha dair n'kumachisisita.

"Mukanangondiimbira foni," anatero, osakweza mawu.

Ndinapepesa. Sananene kuti palibe kanthu. Nditaimirira kuti ndizipita anandifunsa kuti, "Kwanu mumati chiyani?"

"Matabwa."

"Nanga mitengo yake?"

Ndinatchula mlombwa, mbawa ndi mkungudza. Analemba kuseri kwa envelopu, akundibwerezetsa mpaka lilime lawo linagwira.

Ndinabwerera pa sitima ya 3 koloko, tchipisi zimene ndinagula pasiteshoni zikuzizira pamiyendo. Ine ndimapsa mtima anthu akanditembenukira m'basi ndikamalankhula Chichewa pafoni, ngati ndikusokosa. Koma ndinakhala zaka ziwiri pambali pa bedi la munthu wolankhula chinenero cha amayi ake, osafunsako ngakhale kamodzi kuti, "Agogo, mukuti chiyani?"