Khola la ku Nsadzo

Raimundo ankadziwika m'mudzi monse, kufupi ndi Mualadzi, kuti ndi munthu woona patali. Mowa sankamwa, juga sankatchova, ndipo akagulitsa fodya wake sankasowa pakhomo ngati anzake aja obwerako patapita sabata, matumba ali pululu, atanyamula wailesi yopanda mabatire. Iye nzeru zake zinali pa ng'ombe. Nzeruzo anazitola ku Zambia, kumene anakulira pothawa nkhondo. Kumeneko anaona ndalama zimene bambo ake anathawa nazo zikusanduka mapepala achabe, pamene mkulu wina amene anawoloka malire ndi ng'ombe ziwiri zokha anadyetsa ana ake mpaka nkhondo kutha. Kuyambira pamenepo ankati ndalama ikagona m'nyumba imaonda, koma ng'ombe ikagona m'khola imaswa.

Atabwerera kwawo anakwatira Vaileti, nakhala kuchikamwini monga mwa mwambo. Munda unali wa kuchikazi, nyumba inali pa malo a apongozi. Ndiye chaka chimene anagula ng'ombe yake yoyamba, yofiira ya mawanga oyera pamsana, sanaimangirire pakhomo. Anaikusa ulendo wonse mpaka ku Nsadzo, kwa mlongo wake Ernestina, kumudzi kumene mchombo wake unagwera. Anaitcha dzina loti Mawanga.

"Bambo a Luísa," anatero Vaileti chaka chachitatu, ataona thole lina likulowera njira yomweyo, "bwanji imodzi yokha osaisiya pano? Ndowe tizithira kudimba, mwanayu azimwako mkaka."

"Pano ndine mlendo, mayi. Mawa abale anu akanditopa, khola ndidzalisenza pamutu?"

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo."

Raimundo anaseka, nati akazi amaona pafupi.

Kunena zoona, munthuyu anadzimana, ndipo anamana onse a m'nyumba mwake. Anzake atakhoma malata, iye anafolerabe udzu. Luísa, mwana wawo yekhayo, analekeza shikola chifukwa chaka chimenecho ndalama ya makope ndi yunifolomu inakwanira ndendende pa thole. Vaileti anavala chitenje chimodzi mpaka maluwa ake anafufuta. Akadandaula, yankho linali limodzi: tsiku likubwera limene adzamuthokoza. Raimundo akagona ankawerengera mumtima ana a Mawanga ndi adzukulu ake, khola n'kumakula m'mutu mwake chaka ndi chaka. Ankaona ngolo, ng'ombe ziwiri zapagoli, ndi ukalamba wopanda kupempha mchere kwa munthu.

Zaka zoyamba ankapitako ku Nsadzo kawirikawiri. Kenako mawondo anayamba kukana njinga, ulendo unasanduka wa pamaliro pokha. Akafika masana ankamuuza kuti ziweto zili kudambo, iye n'kugwedeza mutu. Kulowa m'khola la mlongo wako n'kumaloza ng'ombe ndi chala kuli ngati kumutchula wakuba, ndipo Raimundo sanafune kuoneka wotero. Pa foni Ernestina ankangoti, "Zili bwino, alongo, zikudya." Pa maliro a mayi awo, Raimundo mwiniwakeyo anaimirira pakati pa anthu n'kulamula kuti aphe imodzi, pakuti iye ndiye anali mwini mbumba. Anthu anamutama kwambiri tsiku limenelo, iye osadziwa kuti watsegula yekha chipata.

Kenako chinabwera chaka chija mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Dzuwa linaotcha mpaka masamba anapotana ngati anyezi. Fodya naye anapserera. Pofika mwezi wa Okutobala nkhokwe inali itagwetsedwa kale n'kusanduka nkhuni, pakhomo akudya kamodzi patsiku, mwina mango aawisi owiritsa. Luísa anali atabwerera kwa makolo ndi ana awiri, mwamuna atapita kukafuna ganyu n'kusowa. Chimene chinatsala m'nyumbamo chinali ngala zochepa za chimanga cha makolo zochokera kudimba, zimene Vaileti anazimangirira kudenga la khitchini kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. Imeneyo ndiyo inali mbewu ya chaka chamawa, ndipo ngakhale adzukulu alire bwanji, palibe ankaikhudza.

Ndikanena kuti Raimundo anali ndi chisoni chokha ndinama. Pansi pa njalayo panali kachimwemwe. Tsiku lake lija linali litafika. Anakonza zonse bwinobwino: agulitsa ng'ombe ziwiri kwa ogula a ku Cassacatiza, imodzi igule chimanga chofikitsa banja ku masika, inayo igule adubu, feteleza wothira m'munda, mbewu ya Vaileti ilowe m'nthaka mvula ikangogwa. Anapota chingwe chatsopano, nachimanga pakaliyala.

"Muphike ndithu zimene zilipo, mayi," anatero potsazika. "Ndikabwera muiwala kuti kunali njala."

Anafika ku Nsadzo dzuwa litapendeka, nthawi imene ziweto zimakhala zitabwerako kudambo. Anthu a m'njira anamulonjera mwaulemu wodabwitsa, amayi mpaka kugwada. Koma pamene panali khola anapeza mizati itatu yokha, ndi masamba ouma a maungu amene wina anabzala pa ndowe zakale. Fungo la ng'ombe panalibe.

Ernestina anatuluka atawonda, mitsempha ya m'khosi ili poyera. Anamuikira mpando wolukidwa ndi zingwe zachikopa, iye nakhalapo.

"Ng'ombe zili kuti, mlongo wanga?"

Ernestina sanazembe, ndipo sanaoneke ngati munthu wogwidwa. Anafotokoza mofatsa. Itatha ya pamaliro ija panafunika ina ya pa bona la mayi. Kenako Jester, mwana wake wamwamuna, anapereka mimba kwa mtsikana wa mudzi wina, mlandu n'kudya ziwiri. Mwamuna wake, alamu ake a Raimundo, anadwala nthawi yaitali, kuchipatala ndi kwa asing'anga, mpaka kumanda. Zina zinafa ndi matenda a nkhupakupa. Zotsala anagulitsa kuti Jester agule mota, njinga yamoto ija, azinyamula anthu, banja lipezeko sopo.

"Osandiuza?"

"Tikanakuuzani mukanakana, alongo? Mbumba ndi yanu. Mavuto akagwa pano tikanalira kwa yani? Ndipo sitinakubiseni ayi. Paliponse tinkatchula dzina lanu, kuti ng'ombeyi apereka ndi a Raimundo. Funsani aliyense, muno mulibe mwamuna wolemekezeka ngati inu."

Jester anatulukira kuseri kwa nyumba, bambo wandevu zake, manja ali bii ndi mafuta. Anagwada. "Atsibweni, Mulungu akudalitseni. Pakanapanda inu bwenzi ndili kundende." Mota ija inali itatsamira mtengo, yopanda tayala lakutsogolo, nkhuku itaikira mazira pansi pake.

Raimundo anafuna kukalipa, koma mkwiyo unasowa pogwira. Akasume kwa yani? Kuti mbumba yake yadya chuma cha mwini mbumba? Akuluakulu akanamuseka, n'kumufunsa kuti nanga pozibweretsa kuno ankati n'za yani. Anaweramitsa mutu, ndipo m'pamene anaona chimene anakhalira. Zingwe za mpandowo zinali ndi ubweya wofiira, apa ndi apo woyera. Anausisita ndi chala kwa nthawi yaitali. Mumtima munamuwawa kuposa tsiku limene anaika mayi ake.

"Nanga kuchikamwiniko mwatitengerako chiyani?" anafunsa Ernestina motsitsa mawu. "Kuno tagona ndi njala masiku awiri."

Anapisa m'thumba, napereka chinangwa chouma chimene Vaileti anamupatsa cha panjira.

Pobwerera sanapalase kwenikweni, njira yambiri anangokankha njinga. Anayesa kukonza mawu okanena kunyumba, koma onse ankathera pa denga la udzu, pa chitenje chofufuta, pa Luísa amene lero sakanatha kulemba kalata yofunsira ntchito. Zaka zonse zija anawamana kuti adyetse maliro ndi milandu ya ku Nsadzo. Kum'mawa mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo anthu m'minda anali kumalizitsa mizere.

Vaileti anali pakhonde ndi adzukulu. Anayang'ana kumbuyo kwa mwamuna wake, kumene kukanayenera kukhala ng'ombe, kenako anayang'ana chingwe chija, chili chokulungidwa pakaliyala monga chinapitira. Raimundo anadikira mwambi uja wa fodya. Akanakonda atamunyoza, atamutukwana pamaso pa ana, ngakhale kumuuza kuti anyamule mkeka wake azipita. Mdzukulu wamng'ono anali atasiya ngakhale kulira, akungoyamwa chala.

Koma Vaileti anangoimirira, nalowa m'khitchini, nakwera pa mtondo. Raimundo anamva ngala zikugwa pansi imodzi imodzi. Anafika pakhomo n'kugwira mphuthu.

"Mayi a Luísa, imeneyo ndi mbewu."

"Ndikudziwa," anatero Vaileti osacheuka. "Tandipatsirani lichero."