Nelia wagwetsa bambo ake pamsika

Mwaswera bwanji abale nonse.

Lero tinali kumsika ku Furancungo kukamufunira Nelia wathu kolishau, kapena kuti matiresi, yoti aziphunzirirapo masewera ogwetsana pakhomo. Mwezi wamawa akapikisana ku Tete, ndipo pasimenti paja wasupuka kale zigongono.

Bambo ake anasankha yopyapyala, amvekere, "Iyi yakwana. Tandigwetsa tione."

Mwana sanachedwe ayi! Anangowagwira m'chiuno, phii pansi! Chipewa chinakagwera m'matimati a mayi wina, msika wonse kufa nako kuseka. Ali chigonere pomwepo, bambowo anauza wogulitsa kuti, "Achimwene, bweretsani yochindikala ija."

Tagula yochindikalayo. Koma tsopano bambo ake akuti Lamulungu abwezera. Inu mukuti bwanji, tiwalole, kapena msanawu tiusungire kumunda wa fodya?