Mawu Amene Ankanena Atagwira Mkono wa Mwana Wanga

Kwathu ku Chisenga, akuluakulu akasintha chilankhulo iwe uli pomwepo, umadziwa kuti pali chimene akukubisa. Amayi ndi azakhali akafuna kukambirana za maliro ife tili pafupi, ankasiya Chilambya n'kuyamba Chitumbuka chothamanga. Ndiye mwana wanga woyamba atagonekedwa m'chipatala ndi matenda otsegula m'mimba, liwombo litalowa, maso atabwerera m'kati, ine ndinkangotchera khutu kuti asintha liti.

Anesi anali ochokera kumwera. Ndi ine ankalankhula Chichewa, "Mayi, muyamwitseni, musatope," koma adokotala akangofika pabedi, basi Chingerezi. Ankagwira kamkono ka mwana, maso pa wotchi, kenako n'kutchula mawu amodzi omwewo, pulse. Tsiku lachiwiri ndinamva pulse ndi weak pamodzi. Weak ndinkamudziwa, ndinafika Sitandade 6 ine, ndi kufooka. Koma chafookacho n'chiyani? Kusukulu tinaphunzira heart, blood, hand. Pulse sanatiphunzitse.

Ndikanafunsa, koma masiku amenewo funso linkayenda ndi miyendo. Bambo a mwanayu anali atawolokera ku Zambia anthu atayamba kunong'ona kuti analankhula zosayenera pa mowa, ndipo ine pageti ya chipatala, achinyamata a malaya ofiira ataona khadi langa la chipani, anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa anzanga. Mkazi wotere n'kumafunsa zimene ogwira ntchito m'boma akukambirana pa Chingerezi? Ati wakutuma ndani?

Ndinayamba kumanga katundu mumtima. Apongozi anali atanena kale kuti mwana akafika pothera asathere m'manja mwa alendo, abwere kumudzi, aliko munthu wodziwa za liwombo. Ndinati ngati akundibisira imfa, ndichotsa ndekha kachubu ka dilipi, ndim'bereke, ndidzere kuseri kwa khitchini.

Pabedi loyandikana ndi lathu panali mayi wina wonenepa, wa ku Zomba, mkazi wa bambo wogwira ntchito pachipata cha m'malire. Mwana wake anali ndi chifuwa. Ankandipatsa moni wa Chitumbuka chopindika, "Mwawuka uli, asisi?" ndipo ankagawa malalanje kwa aliyense. Ine malalanjewo ndinkalandira ndi manja awiri n'kuwaika pansi pa pilo. Munthu wokoma mtima chonchi kwa anthu osawadziwa, mwamuna wake ali wa yunifomu, ndinkati ameneyu ndi khutu la boma.

Masana ena anandipeza kochapira ndikukulunga matewera osauma n'komwe.

"Asisi, onyowa mukupita nawo kuti?"

"Ndikungosuntha."

"Kusuntha mpaka kumanga mfundo? Musandipusitse, inenso ndinaberekapo."

Mawu anangotuluka okha. "Amayi, inu munapita patali ndi sukulu. Pulse n'chiyani?"

Anaseka mpaka kugwira mpopi. "Ndiye chimene mwaumira nacho milomo? Bweretsani dzanja." Anandigwira zala ziwiri n'kuzikhazika pamkono wake, m'munsi mwa chala chachikulu. "Osati chala chachikulucho, chimenecho chili ndi kugunda kwakekwake, chingakunamizeni. Mwamva?"

Ndinamva. Kanthu kankakankha chala changa, kusiya, kukankhanso.

"Ndi mtima umenewo, ukukankha magazi. Azungu kukankha anakugawa pambiri. Chitseko amati push, mukudziwa. Injini ikamakankha sitima kapena ndege kuti izipita kutsogolo amati propel, bambo a kunyumba amakonda mawu amenewo akafuna kuoneka ophunzira. Tsono kukankha kwa mtima kumene mukukumva pamtsempha apa ndiye pulse. Akati weak, ndiye kuti madzi achepa m'thupi, mtima ukukankha mofooka. Dilipi ija ntchito yake ndi imeneyo."

"Si kuti akufa?"

"Akanakhala kuti ataya mtima bwenzi akuwononga dilipi? Inu muzimva nokha. Ikamalimba mudziwa, ikamathawa mukuwe, anesi abwere." Kenako anatsitsa mawu. "Nanga bambo ake sabwera bwanji?"

Mumtima ndinati eya, malipiro ake ndi amenewa.

"Ali ku Misuku, akuthyola khofi."

"Khofi mwezi uno?" Anandiyang'ana, n'kutola beseni lake. "Chabwino. Akathyole."

Ndinabwerera kuwodi. Mayiyu anali atadziwa kuti ndanama, anali ataonanso mfundo ija. Kuthawa tsopano kunali kuwapatsa nkhani. Komanso nanga zimene wandiuzazo zikanakhala zongondigoneka kuti ndikhale pomwepo mpaka galimoto ya apolisi ibwere? Ndinakhala pabedi, ndinaika zala ziwiri pakamkono ka mwana. Poyamba sindinamve kanthu, ndinatsala pang'ono kukuwa. Ndinasuntha pang'ono, ndipo kanali pomwepo, kothamanga, kopyapyala ngati ulusi. Ichi chokha palibe akanandinamiza, chinali pansi pa zala zanga.

Sindinachoke. Ndinamasula matewera n'kukayanika. Galimoto iliyonse ikaima panja ndinkasuzumira pawindo dzanja lili pamwana, ndipo mayi uja akamacheza ndi anesi pakhonde ndinkayang'ana milomo yawo. Anesi atandiona ndikugwira mkono anati, "Ii, tapeza dokotala wina," koma sanandiletse.

Kugunda kuja kunayamba kudzaza chala pang'onopang'ono, kuthamanga kukuchepa. M'mawa wina adokotala asanafike ndinadziwa kale. Atagwira iwo anatchula pulse ndi mawu ena amene sindinawagwire, koma sindinawafunenso. Mwana anali atakoka bere mwamphamvu mpaka kundipweteka.

Mayi wa ku Zomba anatuluka ife tisanatuluke. Anandisiyira sopo, sanafunsenso za bambo a mwana. Ngati anakanena kwa mwamuna wake kapena ayi, mpaka lero sindidziwa. Ife anatitulutsa Loweruka, ndinadzera pageti pomwe, mwana ali kumsana akundikoka duku.